Sabata yosintha masiponji otchera poizoni wa mumpweya

Lolemba ndinatulutsa mufiriji masiponji a polyurethane amene tinawachapa ndi mankhwala osungunulira otchedwa acetone mu Soxhlet, chida chagalasi chotsukira mobwerezabwereza, iliyonse itakulungidwa m'pepala la aluminiyamu ndi kutsekeredwa m'botolo lagalasi. Siponji yotereyi ndi yobulungira, masentimita 14 m'mimba mwake, ndipo imamwa pang'onopang'ono mankhwala osawola msanga amene amayandama mumpweya, monga DDT ndi dieldrin, amene ndi ophera tizilombo, ndi PCB, amene ndi a m'mafakitale.

Lachiwiri ndi Lachitatu tinayendera malo amene tinatcherako masiponji miyezi itatu yapitayo, kukachotsa akalewo ndi kuikapo atsopano. Chida chimene timaikamo siponji anthu amachiderera akachiona, pakuti ndi mbale ziwiri zachitsulo zovundikirana, yaikulu pamwamba, ndipo mpweya umalowera pampata wa pakati pake. Sichifuna pampu kapena magetsi, n'chifukwa chake gulu la GAPS loyeza mankhwalawa mumpweya padziko lonse, limene linayamba mu 2004, linatha kuchifikitsa ngakhale kumalo akutali kwambiri pothandiza kuona ngati Pangano la Stockholm la mu 2001, limene mayiko anagwirizana pofuna kuthana ndi mankhwalawa, likuwachepetsadi. Pamalo achitatu tinapeza mavu atamanga chisa m'mbale yapansi, dothi lawo litatseka mbali ina ya mpata. Mnzanga anati tingochotsa chisacho n'kupitiriza, koma ine ndinachijambula kaye ndi kulemba m'kaundula, chifukwa mpata wotsekeka umasintha mpweya wofika pasiponji. Pamalo aliwonse ndinatsegulanso siponji yaumboni kwa kanthawi, n'kuibwezera m'botolo, kuti idzatiuze ngati manja athu kapena ulendo waipitsa zina.

Lachinayi lonse linathera mu labotale, kusungunula mankhwala m'masiponji ndi kuwayeza pa GC-MS, makina olekanitsa mankhwala ndi kuwazindikira. Apa ndi pamene ntchito imavuta. Makina amatiuza kuchuluka kwa mankhwala amene ali m'siponji, koma satiuza kuchuluka kwa mpweya umene unadutsapo. Ambiri amawerengera makiyubiki mita 4 patsiku, kutanthauza pafupifupi 360 pa masiku 90, koma mphepo ikakhala yamphamvu siponji imamwa mofulumira. Choncho tisanaitchere timaithira dala mankhwala ena odziwika mlingo wake, ndipo amene auluka amationetsa mpweya umene siponjiyo inakumana nawo.

Lachisanu zotsatira zinaonetsa kuti siponji ya kwa mavu ija inataya mankhwala othira dala aja ochepa kuposa zinzake zonse, kusonyeza kuti inakumana ndi mpweya wochepa. Manambala ake sindinawataye, koma mu lipoti ndinawaika paokha, chithunzi cha chisa chili pambali pake.