Loko wa agogo amene anandipusitsa masiku 9

Loko ameneyu ndinamupeza m'chitini cha misomali kwathu ku Thyolo, titapita kukakonza nyumba ya malemu agogo aamuna mvula isanagwe. Ndi wamkuwa, wolemera m'dzanja, wada bii, ndipo dzina la amene anamupanga linafufutika moti ukadutsitsapo chala umangomva timizere. Anali wotseka, koma osapachikidwa pa chilichonse. Kiyi palibe. Amalume anati agogo anabwera naye kuchokera ku migodi ya ku Johannesburg nthawi ya Wenela. Kaya n'zoona kaya anangokometsera nkhani, iwo anangondiponyera lokoyo nati, "Tenga mphwanga, paja iwe ndi amene umasewera ndi zimenezi."

Kusewerako ndinakuyamba zaka zitatu zapitazo nditataya kiyi wa bokosi langa la zida. Anthu ena amasewera bawo, ine ndimatsegula maloko popanda kiyi, maloko anga anga, nditakhala pakhonde. Malamulo ndili nawo awiri, ndipo ndi omwewo amene anzathu a masewerawa amatsata kulikonse. Loko wa eni sindimukhudza pokhapokha mwini wake atanena yekha, ndipo loko amene akugwira ntchito pachitseko sindiseweretsa, chifukwa ukhoza kumuwononga n'kugona panja. Ngakhale zili choncho, akazi anga mtima sunakhalebe pansi. "Bambo a ana, timawaya tanuti tizikhala m'nyumba. Anthu akadzakuonani nato pamsewu sadzayamba ndi kufunsa." Akunena zoona, ndipo timawayato sitituluka pageti.

Zida zanga n'zopanga ndekha. M'kati mwa mphira wa waipa ya galimoto mumakhala timizere tiwiri tachitsulo, topyapyala koma tolimba. Ndinakapempha mawaipa otha ku galaja, ndinasula ndi tupa, n'kusalaza ndi sandipepa. Kena ndinakapinda ngati L, ndiko chopotolera. Kena ndinakasongola n'kukakhotetsa kunsonga ngati mbedza. Ndi tiwiri timeneti ndatsegula maloko onse otchipa amene ndinagula ku Limbe, ena mpaka osayang'ana n'komwe. Ndiye usiku woyamba ndinamutenga wa agogoyu modzikhulupirira, ndikuti tiyi asanazizire akhala atatseguka.

Sanagwedezeke ngakhale pang'ono.

Kuti mumve bwino chimene chinandivuta, muyambe mwaona za m'kati. Muli kachitsulo kobulungira kamene kiyi amalowamo, ine ndimakatcha mtima. Pamwamba pa mtimawo pali timabowo tondondozana, ndipo m'bowo lililonse muli mapini awiri osanjikizana, ndi kasipuling'i kowakankhira pansi. Pini wapamwamba amakhala atapingasa, mbali ina ili mu mtima, ina m'thupi la loko, n'chifukwa chake mtima sutembenuka. Mano a kiyi amakweza mapini onse nthawi imodzi, aliyense pa msinkhu wake, mpaka polumikizana mapini awiri aja palingane ndi m'mphepete mwa mtima. Mapangidwe ake ndi omwe aja a Linus Yale Jr. wa ku America, amene analembetsa luso lakeli mu 1861. Chimene chimatipatsa mpata ife opanda kiyi n'chakuti palibe makina oboola timabowo pa mzere wowongoka kotheratu. Ukapotola mtima pang'ono, pini mmodzi ndi amene amayamba kupanikizika. Umamufufuza ndi mbedza, n'kumukweza mpaka kumva kuti "tcha", mtima n'kusuntha pang'ono kosaoneka ndi maso, ndipo wina amapanikizika. Umatero mpaka onse atha.

Kwa wa agogoyu, mapini onse ankamveka opanikizika. Ukalowetsa mbedza zinali ngati ukutakasa phala la dzulo. Ndinalakwitsa poganiza msanga kuti ndakumana ndi loko wanzeru, pamene ndinali ndisanachite chinthu choyamba chimene munthu amayenera kuchita ndi loko wachilendo, kusiya chopotolera pambali n'kuwerenga mapini ndi mbedza yokha. Nditatero m'mawa mwake ndinapeza asanu. Atatu ankakwera ndi kubwerera mwaulesi. Wachiwiri ankakhuta ngati muli mchenga. Wachinayi ukamukweza ankangokhala m'mwamba momwemo, osatsikanso.

Linali litsiro basi. Wina wake, kaya agogo eni ake, anathiramo mafuta kalekale, mafutawo n'kumwa fumbi la zaka zonsezi mpaka kusanduka phula. Ndinatenga jakisoni wopanda singano n'kupopera palafini pabowo la kiyi. Zimene zinatuluka zinali zakuda ngati madzi otsukira mphika, muli ndi tinthu ta dothi louma, mwina kachilombo kena kanamangamo nyumba. Ndinamuviika m'chitini cha palafini usiku wonse, kutacha ndinamugogoda pathabwa kangapo mpaka pini wachinayi anatsika. Kenako masiku awiri padzuwa kuti aume, n'kupalira mtima wa pensulo pabowo la kiyi. Ndimadziwa kuti ambiri loko akayamba kuvuta timathamangira mafuta ophikira. Amafewa sabata imodzi, koma mwamutchera msampha wa chaka chamawa.

Atayera, vuto linatsala ndi ine. Maloko otchipa aja anandiphunzitsa dzanja lolemera. Mwa iwo mipata ndi yaikulu, ukhoza kupotola ndi mphamvu zako zonse ndipo amakukhululukira. Uyu ayi. Mtima wake unakhala bwino m'thupi, mipata yochepa kwambiri, moti ndikakanikiza monga ndinazolowera mapini awiri kapena atatu ankagwidwa nthawi imodzi. Ndiye ndinkakankha mbedza mwamphamvu, pini n'kupitirira malo ake. Pini wapansi akangodutsa m'mphepete muja n'kulowa m'thupi la loko, ndiye kuti watseka yekha, ndipo chilichonse chimene ungachite kwa anzakewo n'kutaya nthawi. Choipa n'chakuti sakuuza. Umangoona mapini ena onse afewa, palibenso wopanikizika, iwe n'kumazungulira m'katimo ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo. Njira yodziwira ndi kuika loko pakhutu n'kumasula chopotolera pang'onopang'ono, ukumvetsera mapini akugwa mmodzimmodzi. Nthawi zina wopitirira uja amagwa yekha anzake n'kutsala, koma kawirikawiri umayambiranso.

Ndinaphunzira kugwira chopotolera mmene umagwirira papaya pamsika pofuna kudziwa ngati lapsa, mwini wake akukuyang'anitsitsa. Usiku wa tsiku lachisanu magetsi anazima, ndipo zinandithandiza, chifukwa maso pa ntchito imeneyi amangosokoneza. Mu mdima momwemo wachisanu anati tcha, wachiwiri tcha, woyamba tcha, wachinayi tcha, ndipo mtima unatembenuka mooneka. Wanganso unadumpha. Ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndiitane a m'nyumba, koma mtima wa loko unaima pomwepo, nji.

Amene amaonera mavidiyo a masewerawa pa YouTube amadziwa kuti chimenechi amachitcha false set. Ine ndimangoti bodza la loko. Chimachitika pini wapamwamba akakhala wa mtundu wa spool, amene saali wowongoka ngati anzake koma ali ngati mtondo, wonenepa kumutu ndi kutsinde, wowonda m'chiuno. Chiuno chija chikafika m'mphepete mwa mtima, mtima umapeza mpata wotembenuka pang'ono, iwe n'kumati zatheka, pamene tsinde la pini lakola. M'kati sindinaonemo, koma zala zinandiuza kuti wachitatu ndi wotero, chifukwa ndikamukankha chopotolera chinkabwerera m'mbuyo n'kumakankha chala changa. Apa ndi pamene pali luso lenileni. Uyenera kuchilola chibwerere, osachisiya, osalimbana nacho, kuti tsinde lija lipeze podutsa. Ukaumira, pini sakwera. Ukalekerera kwambiri, ena onse amene unawavutikira amagwa. Kwa ine wogwa anali wachiwiri nthawi zonse. Ndinalemba ndondomeko yake kuseri kwa lisiti, 5, 2, 1, 4, 3, kenako 2 kachiwiri, ndipo ndinaibwereza mpaka chala chinachita chithuza.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinatsala pang'ono kumubweza m'chitini cha misomali. Chinanditonthoza ndi nkhani ya Alfred Charles Hobbs, wa ku America, amene mu 1851 anapita ku chionetsero chachikulu cha ku London. Mumzindawo munali loko wa kampani ya Bramah amene anakhala pawindo la shopu zaka zambirimbiri, ndi lonjezo la ma guinea 200, ndalama zakale za ku England, kwa aliyense womutsegula popanda kiyi. Hobbs anamutsegula, koma zinamutengera maola 51 m'masiku 16. Iye anali katswiri ndipo ankalimbana ndi loko wotchuka m'dziko lonselo, ine ndinkalimbana ndi chitsulo chotola m'chitini, komabe ndinagona bwinoko.

Chochititsa manyazi chinabwera tsiku lotsatira. Wachitatu anadutsa, ndinabwezeretsa wachiwiri, mtima unatembenuka kwambiri kuposa kale, n'kuimanso. Khosi la loko, chitsulo chopindika chija, silinasunthe. Ndinati basi, bodza lina lakuya, muli spool wachiwiri. Ndinafufuza ndi mbedza, osapeza pini wokankha chala. Ndinamasula, mapini onse n'kugwa, ndinayambiranso. Zimenezi zinachitika katatu m'masiku awiri.

Ndinazindikira ndili m'minibasi popita ku ntchito, osagwira n'komwe loko. Pa maulendo atatu onse aja, mbedza ikamadutsa pansi pa mapini, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali ndi mphamvu ya sipuling'i. Onse ankangogwedera. Zimenezo zimatheka pokhapokha mtima utatembenuka n'kusiya mapini apamwamba onse kunja. Kunena kwina, ndinali nditamutsegula kale katatu, n'kumutsekanso ndekha katatu. Chimene chinkaimitsa mtima sanali pini ayi. Kuseri kwa mtima kuli kachitsulo kamene kamakoka timipiringidzo togwira khosi, ndipo timipiringidzoto tili ndi sipuling'i yakeyake yolimba. Palafini wanga ndinamuthira pabowo la kiyi, n'kudalira kuti kuviika kwa usiku umodzi kwafika paliponse, koma kumtunda kuja dzimbiri linali likadali. Ndipo dzanja lopepuka limene ndinavutika nalo kuliphunzira silikanatha kukankha zimenezo. Kiyi weniweni ali ndi mutu waukulu woti chala chachikulu chigwirepo. Kachitsulo kanga ka waipa kankangopindika, ine n'kumati loko wakana.

Madzulo amenewo ndinadonthezera palafini m'mabowo awiri olowera khosi, ndinaligogoda ndi kathabwa kuti lilowe ndi kutuluka pa kampata kake kochepako, n'kumusiya chiimire mpaka m'mawa.

Tsiku lachisanu ndi chinayi linali Loweruka. Ndinam'mangirira pa vayisi, sikuludiraiva yaing'ono yafulati ili pambali. Zinanditengera mphindi ngati 20 kufikanso pamalo paja. Mtima utatembenuka sindinapumenso. Ndinasolola mbedza, ndinalowetsa nsonga ya sikuludiraiva pakamwa pa bowo chopotolera chikadali momwemo, kenako n'kuchichotsa. Ndi dzanja lamanzere ndinakanikizira khosi m'kati kuti timipiringidzo tipepukidwe, lamanja n'kupotola mwamphamvu ndithu, mphamvu yomwe ija imene ndinakhala sabata yonse ndikudziletsa. Munamveka kukukuta, kenako "kho". Khosi silinadumphe ngati mmene amachitira maloko atsopano, ndinachita kulikoka, ndipo linatuluka likulira. Mbali imene inali yobisika m'kati inali ndi dzimbiri lofiira m'timipata togwira timipiringidzo, koma pamwamba pake pankaoneka chitsulo choyera.

Ndinawatumizira amalume chithunzi pa WhatsApp. Anayankha kuti, "Wachita bwino mphwanga. Ndiye kiyi wake uli naye tsopano?" Akazi anga nawo anamutembenuzatembenuza n'kunena kuti ndi wolimba, angachite bwino pakhola la nkhuku. Ndinawafotokozera kuti kiyi kulibe, ndipo kuti nkhukuzo zizidikira ine mphindi 20 m'mawa uliwonse. Anangondibwezera lokoyo n'kubwerera kukhitchini.

Ndinamupukuta khosi ndi sandipepa wosalala, ndinapakapo girisi pang'ono m'timipata tija, n'kumusiya pawindo chitsegukire masiku atatu, ndikuopa kumutseka. Lachitatu madzulo ndinamutseka. Lisiti lija linali litachapidwa limodzi ndi thalauza, ndipo loko atafewa ndondomeko inasinthanso, woyamba kupanikizika tsopano ndi wachinayi. Ndinamutsegula patatha mphindi 40.