Sabata yachisanu ndi chimodzi: mawu a nkhani zoutsa mapiri pachigwa

Kope langa la mawu a Chingerezi lafika pa tsamba 40. Sabata ino ndinadzipatsa ntchito imodzi yokha, kutola mawu amene eni chinenerochi amanena nkhani ikautsa mapiri pachigwa. Ine ndimayesa ndi "controversial" basi. Ayi ndithu, alipo gulu, ndipo salowana m'malo mwachisawawa.

"Controversial" ndiye kholo. Anachokera ku Chilatini, ndipo muzu wake ukunena za chinthu chotembenukira mbali yotsutsa. Chondiseketsa n'chakuti ku Britain komweko sagwirizana katchulidwe ka "controversy": ena amatsindika pa "con", ena pa "tro".

Amene anandidyera nthawi ndi "disputed". Ndinawamvetsa nditakumbukira chisankho cha mu May 2019, chija cha Tipp-Ex, chomwe khoti linachithetsa pa 3 February 2020. Nyuzipepala zakunja zinkachitcha "disputed election". Apatu nkhani siili pa kukonda kapena kudana nacho chinthu. Wina akuti zotsatira n'zoona, mnzake akuti zabodza. N'chimodzimodzi malire a panyanja pakati pa ife ndi Tanzania, omwe mbali yathu imaloza pangano la 1890. Pomwe "divisive" ndi "polarising" akuloza anthuwo, kuti ang'ambika pakati, ngati pa Brexit mu 2016, voti ya ku Britain yofunsa ngati dzikolo lituluke m'bungwe la maiko a ku Ulaya la EU, pomwe 52 mwa ovota 100 alionse anati tituluke, 48 anati tikhale. Angerezi amathanso kungoti munthu ndi "Marmite", chopaka pabuledi chakuda chija, kutanthauza kuti ena amamukonda kwabasi, ena safuna n'komwe kumuona.

Lamulungu ndinadzichititsa manyazi. Pagulu la WhatsApp la kwaya ndinalemba kuti ulaliki unali "very controversial", ine n'kumati ndikuyamikira kuti unakhudza mitima. Sipanathe mphindi zisanu, foni ya alamu anga inalowa: "Alamu, abusa akulakwirani chiyani?" Ndinafufuta msanga, koma anthu 12 anali atawerenga kale.

"Hot potato" sanandivute. Amene anaphulapo mbatata yootcha ndi manja akudziwa mmene imaponyedwera uku ndi uku, monga achitira andale ndi nkhani yoti palibe akufuna kuigwira.

Watsala ndi "moot". Ku Britain ndi nkhani yoyenera kukambirana, ku America ndi nkhani yoti kuikambirana n'kutaya nthawi. Ndaika kanyenyezi pambali pake, ndiyambira pomwepo Lolemba.