Matabuleti athu ndi a ana kapena a alendo?

Lero ndi Loweruka, zovala ndachapa zili pachingwe, koma mtima wanga ukadali pa Lachitatu.

Ndimaphunzitsa Sitandade 2 pa sukulu ina ya kumudzi. M'rejisitala muli ana 126, pamene pa pepala amati mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60. Anzanga a ku infanti, simukufunika kuti ndikufotokozereni. Matabuleti anatipeza chaka chatha kudzera mu ndondomeko ija ya BEFIT imene boma linakhazikitsa mu 2023, yophunzitsa ana a Sitandade 1 mpaka 4 kuwerenga ndi masamu. Anabwera ndi sola wapadenga, batire, kabati yotchajiramo ndi mahedifoni. Safuna intaneti, zonse zili m'kati momwemo, ndipo amayankhula Chichewa. Ana amati "madamu a m'tabuleti". Poyamba ndinkawaona ngati ntchito yongowonjezera pa sikimu ndi lesoni pulani, ndipo sindibisa, ndinkadandaula kuposa aliyense m'sitafu.

Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse. Mvula, nkhuni zonyowa, phala lochedwa, ana kulowa m'kalasi dzuwa litakwera. Mahedifoni asanu ndi anayi anafa kale, ena ana anatafuna zingwe zake, moti magulu ndimawagawa ngati ndikugawa ndiwo zochepa. Gulu lina likavala mahedifoni, lina lili ndi ine pabolodi, lina likukokana tsitsi kumbuyo.

Kumbuyo komweko kumakhala kamtsikana kena. Akubwereza Sitandade 2, ndipo ndi wamtali kuposa anzake onse. Teremu yoyamba yonse sindinalimve liwu lake kupatula poyankha rejisitala. Ndikamuloza kuti awerenge, amaweramitsa mutu, anzake n'kuyamba kuseka, ine n'kupita pa wina chifukwa ana 125 akudikira. Mlandu umenewo ndi wanga, sindikana. Koma tabuleti ilibe changu ngati ine. Mwana akalakwitsa, imamubwezera pomwepo, imatchulanso liwu lija, palibe woseka, palibe womva. Ndinkamuona akugwedeza milomo, chala chili pagalasi, akutsata lembo ndi lembo.

Lachiwiri, ndikufufuta pabolodi, ndinamva wina akundikoka chitenje. "Madamu, musafute apo. Alemba kuti mbuzi." Anali iyeyo. Si "ba" kapena "ma" ayi, koma "mbu", ndipo aliyense wophunzitsa kuwerenga akudziwa kuti maphatikizo ngati mba, nkha ndi ntcha ndi pomwe ana ambiri amagwera. Ndinalemba "mbale", anawerenga. Ndinalemba "nkhuku", anaima pang'ono, n'kuwerenga. Ndinapita kunyumba ndikuyimba m'njira ngati wolandira malipiro pa tsiku lake.

Usiku womwewo uthenga unalowa pa gulu lathu la WhatsApp: mawa kubwera alendo kudzaona momwe matabuleti akugwirira ntchito.

Lachitatu m'mawa kunalibe phunziro. Ana akuluakulu anagwira zikwakwa, ang'onoang'ono masache, miyala ya m'mbali mwa njira inapakidwa laimu. Izi tinazolowera. Chimene sindinayembekezere ndi chimene ahedi anandiuza atandiitanira mu ofesi.

"Madamu, musankhe ana 40. A yunifolomu, ndipo ngati n'kotheka a nsapato. Otsalawo akakhale kuseri kwa buloko ya Sitandade 8 mpaka alendo atapita."

Ndinati, "Ahedi, lero ndi tsiku la gulu lachitatu. Muli mwana amene wayamba kuwerenga dzulo lomweli. Ngati alendo akufuna kuona ntchito ya matabuleti, ndi ameneyo."

"Ali ndi yunifolomu?"

"Alibe."

"Ndiye musativute, Madamu. Anthuwa amajambula."

Ndinawakumbutsa kuti chiyambire maphunziro aulere mu 1994, mwana sabwezedwa pa sukulu ya boma chifukwa cha yunifolomu. Anandiyankha kuti sakumubweza, akungomusuntha. Kenako, kuti zikome bwino, anatenga ana asanu ndi mmodzi a matupi aang'ono a Sitandade 4 n'kuwakhazika kutsogolo m'kalasi mwanga, kuti mlendo akaloza mwana aliyense, awerenge mosadodoma.

Mtsikana uja ndine amene ndinamutulutsa. Anali atakhala kale pamkeka, manja atapukuta pa diresi lake lothothoka zipi, akudikira tabuleti. Ndinati, "Mwanawe, lero upite kaye ndi anzako, mawa udzayamba ndiwe." Sanafunse chifukwa. Anayang'ana ana a yunifolomu aja, anadziyang'ana mapazi, n'kudzuka. Ana amamva zinthu msanga kuposa momwe timaganizira.

Alendo anafika cha m'ma 11 koloko pa galimoto ziwiri. Kwaya inayimba, amfumu analankhula, a komiti ya sukulu analankhula. Titatsegula kabati, pa matabuleti onse anayaka 17 okha. Enawo anali zii. Ahedi sanachedwe: "Mitambo, mabwana. Sabata ino dzuwa silinawale." Alendo anagwedeza mitu, wina n'kulemba m'kabuku.

Mitambo inalipodi, koma m'sitafu tonse tikudziwa kuti si yokhayo. Kiyi wa chipinda cha kabati amagona m'thumba la munthu mmodzi, ndipo madzulo aliwonse mafoni a m'mudzi muno amalowa m'menemo kukatchajidwa pa mtengo wake. Akuti ndi ndalama za chitukuko. Chitukuko chake sindinachionepo, ngakhale hedifoni imodzi yogulidwa ndi ndalama zimenezo. Batire lija analiyeza kuti lidyetse matabuleti usiku, osati mafoni a mudzi wonse ndi sipika ya ku tchalitchi. Dzuwa likachepa, amene amagona ndi njala ndi matabuleti.

Mnyamata wina mwa alendowo, amene ankaoneka kuti ndi wa zamagetsi, anagwada pa kabati, anaona ekisitenshoni itapindidwa kuseri, anaigwira, n'kundiyang'ana. Anangoti chapansipansi, "Madamu, batire ili likamathera pansi tsiku ndi tsiku silikhalitsa." Ndinati, "Ndamva, achimwene." Basi.

Ana 40 aja anagawana matabuleti 17, awiriawiri, ena atatu, hedifoni imodzi khutu ili ndi khutu ilo. Zithunzi zinajambulidwa. Mwana wa Sitandade 4 anawerenga ndime yonse, manja anawombedwa. Ndili chiimire pakhomo, ndinaona maso pa zibowo za njerwa za pawindo. Ana anga anali atathawa kuseri kuja n'kudzaunjikana panja, akusuzumira. Wamtali uja sanafunike kunyanyamphira.

Mayi wina mwa alendowo anandifunsa mwaulemu, "Aphunzitsi, mavuto amene mukukumana nawo ndi otani?" Ahedi anali pambali panga, a PEA, alangizi a maphunziro a m'dera lathu, patsogolo panga. Pakamwa panga panatuluka mawu akuti, "Mahedifoni ndi ochepa." Zaka 14 ndili pa choko, ndipo chimene ndinakwanitsa kunena ndi mahedifoni. Mwezi uno ndili ndi kalata yopempha kuti andisamutsire kufupi ndi chipatala chifukwa cha mayi anga, ndipo kalatayo imadutsa pa desiki la ahedi. Mundiweruze mmene mungafunire, ine ndadziweruza kale mokwanira.

Lachinayi mtsikana uja sanabwere. Matabuleti anali odzaza bwino tsiku limenelo, poti palibe analimba mtima kutchaja foni usiku wa alendo. Gulu lachitatu linaphunzira, malo ake ali opanda munthu. Masana ndinachonga makope, ndinadzaza fomu ya maola amene gulu lililonse lagwiritsa ntchito matabuleti, ndipo pa Lachitatu ndinasiya mpata. Adepyute anati ndilembepo kanthu. Ndinati alembe okha.

Lachisanu sanabwerenso. Titaweruka ndinatengana ndi mayi mmodzi wa Mother Group, gulu la amayi lothandiza ana kuti asasiye sukulu, mpaka kwawo kwa mtsikanayo, ulendo wa mphindi 40 wodutsa padambo. Tinapeza agogo ake akusenda chinangwa pakhonde. Titapatsana moni anati, "Aphunzitsi, mwanayu akuti munamuchotsa chifukwa cha zovala. Ine ndalama ya yunifolomu ndiitenga kuti mwezi uno? Ndamuuza azindithandiza kumunda." Ndinayesa kufotokoza kuti linali tsiku limodzi lokha, kuti kunabwera alendo, koma mawuwo ankandiwawa ndekha powatchula. Mtsikanayo anali kuseri kwa nkhokwe, akumva zonse. Ndinatola kamtengo n'kulemba pansi "ntchito". Sanabwere pafupi. Tikutsanzika, mayi a Mother Group anandigwira pamkono kuti nditembenuke. Mtsikana uja anali atagwada pa mawu aja, chala chili pa dothi.

Agogo alonjeza kuti Lolemba amutumiza. Mayi aja akuti ali ndi yunifolomu yakale ya mwana wawo, aibweza m'chiuno. Ine ndalemba kalata yopita kwa wapampando wa komiti yopempha kuti kiyi wa kabati azisungidwa ndi anthu awiri, ndi kuti ekisitenshoni ija ichoke. Aphunzitsi atatu asayina. Awiri akuti aganize kaye. Kalatayo ili m'chikwama changa, pamodzi ndi ija yosamukira.