Nthenda ya Land Cruiser yapezeka

Dzulo pokwera Gorodi kupita ku Livingstonia, singano yoonetsa kutentha kwa injini inakweranso mpaka pofiira. Ndinaimika pakona mtima uli phaphapha. Miyezi itatu tsopano: thermostat tinasintha, chivindikiro cha radiyeta n'chatsopano, radiyetayo tinatsukitsa kawiri. Wina anafika pondiopseza kuti head gasket yapsa.

Bambo wina wa lole anaima nati, "Achimwene, tazimitsani injiniyo." Ikadali yotentha, anakankha fani ndi chala, iyo n'kumangozungulira yokha wopanda choigwira. Fan clutch (kachipangizo kamene kamagwira fani kuti izizungulira mwamphamvu injini ikatentha) inatha kalekale. N'chifukwa chake pa tala galimoto imayenda bwinobwino, poti mphepo imalowa yokha, koma pachitunda, pa giya yoyamba, madzi amawira.

Chikundiwawa n'chakuti amakaniko atatu onse anadya ndalama zanga osaigwirako n'komwe faniyo.