Msana wa wakabaza pakhoma ku Mzuzu

Basi inanyamuka ku Lilongwe cha m'ma 7 koloko, ife titakhalamo kuyambira m'bandakucha kudikira kuti idzaze. Ndinalipira K35,000, koma mpando wake unkagwedera njira yonse moti pofika ku Kasungu chiuno chinali chitauma. Pa Jenda amayi ena anagula tomato ndi anyezi n'kundisanjikira pamapazi osandipempha n'komwe. Ndinagona, n'kudzadzuka ndi mphepo ya pa Chikangawa yolowera pawindo losatsekeka. Nkhalango imeneyi ndinaiona ndili mwana, paini wothithikana mpaka mdima masanasana. Lero malo ambiri ndi zitsa zokhazokha, mapiri ali mbee.

Mukamapita ku Mzuzu mu June kapena July tengani juzi yeniyeni, osati kamalaya ka manja aatali. Ndipo ambulera isatsale, chifukwa kumeneku mvula ilibe kalendala.

Pa depoti ndinakwera kabaza, amene kuno ena amamutcha sacramento. Wopalasayo anali bambo wachikulire, jekete yake ya chigamba chachikulu paphewa lakumanzere. Ndinayesa kamoni kanga ka Chitumbuka, "Monire adada," iwo n'kuseka. "Yankhulani Chichewa achimwene, kwathu n'ku Ntcheu." Anabwera kumpoto kudzacheka matabwa ku Chikangawa, mitengo itachepa anagula njinga. Tinagwirizana K1,000 mpaka ku Katoto.

Sitinapite patali, mvula yowaza ija inasanduka yeniyeni. Bambowo anakhotetsa njinga n'kuimika pakhonde la nyumba ina m'tauni. Chitseko chinali chotsegula, mkati magetsi akuyaka, makoma opakidwa laimu, ndipo pamakomapo zithunzi zokhazokha, zonse zakuda ndi zoyera. Mtsikana wina amene amayang'anira malowo anatikodola. "Lowani, musanyowe. Kuona n'kwaulere." Ine ndinalowa. Bambo aja anatsalira pakhonde akukutumula chipewa, amvekere, "Malo ngati awa ndi a azungu ndi mabwana, ife matope tidetsa simenti." Mtsikanayo anatuluka yekha n'kuwagwira dzanja. "Ankolo, simenti timakolopa. Lowani."

Zithunzizo zinali za Mzuzu yemweyu, wa tsiku ndi tsiku. China chinali cha amayi ogulitsa nthochi atafunda zitenje ziwiri, nthunzi ya tiyi ikukwera kuchokera m'kapu mpaka kuphimba diso limodzi. China telala ali pakhonde, phazi pachopondera cha makina, ulusi ali nawo kukamwa. Panali ana a sukulu akutsika chitunda cha ku Masasa nsapato zili m'manja kuopa matope, ndi manja okhaokha a munthu akuwunjika usipa wochokera ku Nkhata Bay pa benchi, mamba atamatirira m'zala ngati timasiliva. Ndinaima nthawi yaitali pa chithunzi cha manjacho. Ndagula usipa kosawerengeka, koma sindinayang'anepo zala za wondigulitsa.

Ndinafunsa chifukwa chake wojambulayo anachotsa utoto. Mtsikanayo anati m'tauni muno maso amathamangira ku utoto: kufiira kwa Airtel, kubiriwira kwa TNM, zikwangwani, maambulera, mabigili a pulasitiki. Ukazimitsa zonsezo, chotsala ndi nkhope, thukuta ndi kuwala. Ndinakumbuka chithunzi cha ukwati wa agogo anga, chija chili m'chikwama cha malata kumudzi, ndi ajambuli akale oyenda panjinga ndi kamera pakhosi. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 36 basi, ndiye unkadikira milungu kuti idzaze, akaitsuke, kenako akubweretsere. Munthu unkasamba, kudzola mafuta, kuima chilili osaphethira. Koma a pamakoma awa palibe anakonzekera, anajambulidwa ali pantchito.

Ndili mkati moganiza izi ndinamva, "Aaa! Aaa! Iyi si njinga yanga iyi?"

Bambo aja anali ataima kukona, chipewa chili pachifuwa. Chithunzicho chinali chachikulu kuposa zonse. Munthu wajambulidwa chakumbuyo, m'mawa wa nkhungu, akukankha njinga pachitunda, pakaliyala atamanga matumba awiri a makala. Nkhope siikuoneka. Chooneka ndi msana wopindika, mitsempha ya m'katumba, ndi chigamba paphewa lakumanzere. Anatembenuka kutionetsa jekete yomwe anavala, chigamba chomwecho, ulusi wake woyera womwewo. Kenako analoza kampando ka kumbuyo. "Kansalu aka anasoka ndi mayi a kunyumba, chaka chatha asanamwalire." Anafuna kukhudza galasi, n'kubweza dzanja, n'kulipukuta pa buluku, koma osakhudzabe.

Tonse tinangoti zii. Kunja mvula ikusokosera pamalata.

Pansi pa chithunzicho panali kapepala: K120,000. Bambowo anakaona. Sananene kanthu, koma ine ndinawerengera mumtima kuti ndi maulendo 120 onga wangawu, kupalasa munthu wolemera ngati ine m'zitunda za Mzuzu. Apa ndiye mtima wanga unawawa, ndipo mpaka lero sunapole. Sindikutsutsa kuti wojambula agulitse ntchito yake. Kamera ndi yodula, kusindikiza chithunzi chachikulu chotere n'kodula, felemu ndi galasi nazonso ndi ndalama. Koma mwini msana sanapemphedwe, sanauzidwe, ndipo chikhala kuti mvula sinagwe sakanadziwa n'komwe kuti ali pakhoma. Amayi a nthochi aja nawo akudziwa? Nanga telala? Msika uli pafupi pomwepa, mtunda woyenda wapansi. Chingavute n'chiyani kupita kukawaitana tsiku lotsegulira, kapena kukapachika zithunzi zina pa depoti pomwe eni ake amadutsa?

Chifukwatu zithunzi zoterezi mzindawu ukuzifuna. Mzuzu ndi wamng'ono kwa agogo anga: unayamba m'ma 1947 ngati esiteti ya mitengo ya tung, ya njere zoyengera mafuta, n'kudzakhala mzinda mu 1985. Ukukula mothamanga, Luwinga, Chibavi, Mchengautuwa, Zolozolo, nyumba zikukwera mapiri. Amene akuumanga ndi misana yawo ndi omwe sasiya chithunzi china kupatula cha pa chiphaso.

Ndinamuuza mtsikanayo zonsezi, mwina mokweza mawu kuposa mmene zinayenera kukhalira, poti iye si amene anajambula. Sanakwiye. Analowa kuchipinda chamkati, tinamumva akuimba foni, kenako anatuluka ndi kachithunzi komweko kakang'ono, kukula ngati chikhatho, kamene amati anasindikiza poyesera. Anagwada pang'ono popereka. "Ankolo, amene anajambula akuti pepani, ndipo akuti mubwere Loweruka adzakuoneni. Aka tengani."

Bambowo analandira ndi manja awiri. Anapempha jumbo, n'kukakulunga kawiri, n'kukalowetsa mkati mwa malaya.

Mvula itakata tinapitiriza ulendo. Madzulo ndinadya kondowole ndi nsomba ya batala pa K6,000, khofi wa ku Mzuzu ndinagula mawa lake, ndipo malo amene ndinagona madzi otentha kunalibe ngakhale anandilonjeza. Koma njira yonse yopita ku Katoto ndinali kumbuyo kwa chigamba chija, ndikuchiyang'ana chikukwera ndi kutsika. Pa chitunda china ndinati nditsike tikankhe, iwo anakana. Dzanja limodzi linali pa handulo, linalo linkabwererabwerera pachifuwa kupapasa ngati jumbo ija ikadalipo.