Mwendo wanga wamanzere sunasiye ntchito

Tsiku limene ndinkasiya ntchito pakampani yakale ndinalankhula mawu ochuluka kuposa onse amene ndinalankhula pa zaka 17 zimene ndinakhala pamenepo. Ndinaima pakati pa yadi, madalaivala anzanga atandizungulira, n'kuwauza abwana kuti thiraki imene anandipatsa si galimoto ayi, koma matenda oyendera matayala. Makiyi ndinawapereka ndi zala ziwiri ngati ndanyamula khoswe wakufa. Kenako ndinakweza mawu kuti ngakhale amakaniko amene anali pansi pa galimoto amve: "Pano ine sindidzapondanso. Ngakhale m'maloto!"

Pageti, agogo amene amalondera pamenepo anatsegula mwakachetechete. Ndikudutsa anati, "Mwana wanga, ukayenda siya phazi. Ukasiya mlomo udzakutsata." Ine ndinangoseka, n'kuwauza kuti mlomowo ukafuna kunditsata uyambe wagula dizilo.

Kunena chilungamo, thiraki ija inali ndi milandu. Chitseko cha dalaivala chinkatseguka ukatulutsa dzanja pawindo n'kukoka chogwirira chakunja. M'mawa uliwonse ndinkaliza injini n'kukhala pansi kudikira kuti mpweya udzaze m'matanki, chifukwa usiku wonse unkathawira pabowo limene amakaniko atatu analifunafuna osalipeza. Osayendetsa magalimoto akuluakulu mwina sadziwa: mabuleki a thiraki amayendera mpweya, ndipo mpweya ukachepa, masipuling'i amakanikiza mabuleki okha, galimoto imaima nji ngati yamera mizu. Ndiye ine tsiku lililonse ndinkayamba ntchito ndi kupembedza singano ya geji kuti ikwere. Nanga giya! Inkafuna uponde kilatchi kawiri, kamodzi potulutsa, kamodzi polowetsa, khutu lili pa injini. Ukaphonya pang'ono inkakukuta mano msewu wonse n'kumva. Zaka 17 za ntchito imeneyo zinandinenepetsa mwendo wamanzere moti mkazi wanga ankati ndikaima ndimaoneka ngati miyendo ndinabwereka kwa anthu awiri.

Kukampani yatsopano zonse zinali zonyezimira, ngakhale pansi pa galaja. Anandipatsa yunifolomu, nsapato zachitsulo kutsogolo, khadi lothirira mafuta ndi mtsikana wonyamula tabuleti amene anati ndiye andiphunzitse galimoto. Msinkhu wake ngati mwana wanga woyamba. Anandifunsa mwaulemu ndithu: "Bambo, munayendetsapo ya otomatiki?"

"Mwana wanga," ndinatero ine, "ine ndinayamba kuyendetsa iwe usanamere mano."

Mwaona kuti funso lija sindinayankhe. Iyenso anaona, koma anangolemba kenakake patabuleti.

Nditakwera n'kukhala pampando, mpando unapuma, fyuu, n'kuyamba kundinyamula. Ndinagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Mtsikana uja anati mpandowo umayendera mpweya ndipo ukungodziyeza ndi kulemera kwanga. Ndinati ndikudziwa, ndimangouyesa. Nditayang'ana pansi ndinapeza zopondera ziwiri zokha. Ndinawerenganso. Ziwiri. Pamene pankayenera kukhala kilatchi panali kabenchi kopumitsira phazi, ngati akunena kuti iwe mwendo wamanzere, zikomo kwambiri chifukwa cha utumiki wako, pita ukapume.

Iye anafotokoza kuti kilatchi ilimo ndithu, mkati, koma amaiponda ndi kompyuta, ndipo magiya onse 12 opita kutsogolo amasankha yekha poona kulemera kwa katundu ndi kutsetsereka kwa msewu. Anandionetsa thanki yaing'ono ya chivundikiro cha buluu pambali pa thanki ya dizilo. "Umu ndi mwa AdBlue, bambo. Ndi madzi oyeretsedwa osakaniza ndi yureya, magawo 32.5 pa 100 alionse. Amapoperedwa mu ekizozi kuti utsi utuluke wosaononga mpweya. Chonde musadzathire mu dizilo." Anapitiriza za kamera yoyang'ana msewu, kamera ina yoyang'ana nkhope ya dalaivala, ndi za GPS imene imauza ofesi pamene galimoto ili. Ananenanso zina zokhudza mpanda wosaoneka ndi maso umene amajambula pamapu apakompyuta, koma apo ine ndinali nditapeza kafiriji pansi pa bedi ndipo ndinali kutsegula ndi kutseka. Safunsa anadya phula, koma samvera sindikudziwa anadya chiyani. Ndikukhulupirira tinadyera mbale imodzi.

Tinakoka ngolo bwinobwino. Apo pokha ndinaonetsa ukulu: kubwerera pang'onopang'ono mpaka kingipini, chikhomo chachitsulo cha pansi pa ngolo, italowa mu fifth wheel, mbale yachitsulo ya kumbuyo kwa thiraki, n'kulira kuti kha, kukoka pang'ono kutsogolo kuti ndione ngati yagwira, kulumikiza mapaipi a mpweya ndi chingwe cha magetsi, kukweza miyendo ya ngolo. Mtsikana uja anagwedeza mutu kuvomereza. Mtima wanga unakwera mpaka pakhosi.

Tinanyamuka kuzungulira yadi. Injini itakweza mawu pang'ono, khutu langa linamva kuti nthawi yosintha giya yakwana. Khutu linauza mwendo. Mwendo wamanzere, umene palibe anaupatsa kalata yoti tinasiya ntchito, unanyamuka ndi mphamvu za zaka 17, unasakasaka kilatchi, n'kupeza chopondera chachikulu chimene chinali pafupi. Mabuleki.

Thiraki inaima ngati yagunda khoma. Tabuleti inauluka n'kukagona padashibodi. Chipewa changa chinatsatira. Mpando wa mpweya uja unandiponya m'mwamba n'kundilandira, kundiponyanso n'kundilandira, ngati mwana wakhanda. Dzanja langa nalo linali m'malere, likupalasa mpweya pamene kale pankakhala ndodo ya giya.

"Mabuleki ali bwino," ndinatero. "Ndimafuna nditsimikize."

"Zikomo bambo," anatero mtsikana uja akutola tabuleti. "Tiwatsimikizanso kangati, kuti ndigwiritse?"

Tinawatsimikiza katatu. Pomaliza anandipempha kuti mwendo wamanzere ndiupinde n'kuubisa pansi pa mpando, ndipo ndinakhoza mayeso nditakhala ngati dokowe.

Ulendo woyamba unali wa masiku atatu. Sindinama, galimoto ija inali yokoma. Pachitunda imasankha giya yokha, potsetsereka umangokoka kandodo ka ritada galimoto n'kumadzigwira popanda kutenthetsa mabuleki. Vuto linali kamera yoyang'ana nkhope. Ine ndikamayendetsa ndimaimba, ndipo ndimaimba ndi pakamwa ponse. Kamera inkaona ngati ndikuyasamula. Ndikangofika pamene nyimbo imakwera, kabelu kankalira, ndipo pasanathe mphindi zingapo foni yochokera ku ofesi: "Bambo, makina akuonetsa kuti mwatopa. Imani mupume." Ndinawauza kuti sindikugona, ndikuimba. Mnyamata wa ku ofesiyo anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Chabwino bambo, komabe pumani." Mpaka lero sindidziwa ngati ankadera nkhawa moyo wanga kapena nyimboyo.

Tsiku lachitatu ndinabwerera cha m'ma 11 koloko usiku, ngolo itadzaza katundu wobwerera naye. Ndinali nditatopa kutopa kwabwino, kwa munthu amene wagwira ntchito popanda kugona pansi pa galimoto ndi sipanala. Mutu unali kale kunyumba. Ndinkaganiza za mmene ndikawafotokozere ana za kafiriji. Manja ndi amene ankayendetsa, ndipo manja anga ndi odalirika: pamphambano anakhota, pa bampu anachepetsa liwiro, dzenje lija la pakona analizemba osayang'ana n'komwe. Ndinafika pageti, ndinaliza hutala kawiri mwachidule monga mwa nthawi zonse. Geti linatseguka. Ndinakweza dzanja kupereka moni, mlonda naye anakweza lake. Ndinalowa, ndinazungulira, ndinabwerera m'mbuyo kamodzi kokha n'kuimika pamalo panga mwaukatswiri, pakati pa mtengo ndi mulu wa matayala akutha. Ndinakoka buleki yoimikira, ndinazimitsa injini.

Kenako ndinatsitsa windo, ndinatulutsa dzanja, n'kutsegula chitseko chakunja.

Apo m'pamene kanthu kena kanandigwira pamtima. Chitseko ichi chimatseguka mkati. Nanga dzanjali likutani kunja? Ndipo kukampani yatsopano kulibe mulu wa matayala akutha. Kulibe mtengo. Kuli magetsi owala ngati masana, osati babu limodzi lozunguliridwa ndi tizilombo.

Agogo aja anafika ndi tochi yawo, akukoka mapazi. Anaunika thiraki kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, anaunika dzina la kampani ina lolembedwa m'zilembo zazikulu ngati chitseko, kenako anaunika nkhope yanga.

"Mwafika bwino, mwana wanga?"

"Agogo, mwanditsegulira bwanji?"

"Hutala ndi wanu. Zaka 17 ndikumva kulira kumeneko. Ine ndimatsegulira hutala, sinditsegulira penti."

Ndinalumphira m'galimoto kuti ndithawe anthu asanadziwe. Ndinapotoza kiyi. Dashibodi inayaka bwinobwino, magetsi onse, koma injini zii. Ndinapotozanso. Zii. Nthawi yomweyo foni inalira.

"Bambo, muli kuti?" Anali mnyamata wa ku ofesi uja, koma ulemu unali utachepa.

"Ndili... pafupi."

"Mapu akuonetsa kuti galimoto yathu, ndi katundu wa kasitomala, yatuluka mumsewu umene tinakupatsani ndipo yaima mkati mwa yadi ya kampani ina. Usiku. Mwazimitsa injini."

Mpanda wosaoneka uja. Galimoto ikatuluka m'malire amene anaijambulira, ofesi imalandira uthenga, ndipo akakayikira kuti yabedwa amatha kuitseka ali komweko kuti ikazima isalirenso. Zonsezi mtsikana uja ananena. Ine ndinali m'firiji.

Ndinayesa kufotokoza kuti palibe wakuba, ndi manja okha amene analakwitsa. Mnyamatayo anandifunsa kuti manjawo ndi a ndani. Anati yekhayo amene angalole kuti galimoto itsegulidwe ndi manijala, ndipo manijala abwera okha m'mawa kudzaona mafuta m'thanki ndi kachingwe ka nambala kotsekera zitseko za ngolo. "Musachoke pamenepo," anatero. Ngati kuti ndikanatha.

Ndinagona pabedi labwino kwambiri limene ndinagonapo m'galimoto, ndipo sindinatseke diso ngakhale limodzi.

Kutacha anayamba kufika. Woyamba anali makaniko wamkulu, amene anaima, anavula chipewa, n'kukaitana anzake. Pofika 6 koloko yadi yonse inali itazungulira thiraki. Wina ankadziyang'anira pabampala. Wina anafunsa ngati ndabwera kudzawagawira. Ine ndinatseka makatani n'kukhala chete ngati mulibe munthu, koma mpando uja unandipereka: ndikangosuntha, fyuu.

Ndiye kunamveka kukukuta kwa magiya kuchokera kumsewu. Ndinakuzindikira ngati mmene mayi amazindikirira kulira kwa mwana wake. Thiraki yanga yakale inalowa, ikutsokomola utsi, pachiwongolero pali kamnyamata kamene kankaponda kilatchi kamodzi kokha. Kanaima kumbuyo kwanga n'kuyamba kuliza hutala kuti ndichoke pamalo pake. Pamalo pake! Ndinatsegula katani n'kukalipa kuti, "Iwe, ponda kawiri! Ukuipha giyayo!" Basi, ndinadziulula.

Abwana akale anafika manja ali kumbuyo. Anazungulira thiraki yonse osafulumira. Anagogoda pachitseko ndi chala chimodzi. Nditatsitsa windo anandiyang'ana nthawi yaitali, nkhope ili phee.

"Achimwene," anatero, "ndingofuna kudziwa chinthu chimodzi. Mwadzuka, kapena mukulotabe?"

Kuseka kumene kunabuka pamenepo kunadzutsa ngakhale agalu a kuseri kwa mpanda. Makaniko wamkulu anachita kukhala pansi pa tayala.

Manijala wa kampani yatsopano anafika limodzi ndi mtsikana wa tabuleti. Anayeza mafuta, anali okwanira. Anaona kachingwe ka pangolo, nambala yake inali yomweyo. Kenako mtsikana uja anatsegula kanema wa kamera ija ya nkhope, ndipo mabwana awiri a makampani opikisana anaima phewa ndi phewa kuonera ine ndikukhota molimba mtima, ndikuimba, ndikuperekera moni pageti la eni ake. Anaubwereza kawiri. Abwana akale anapempha kuti awatumizire. Ndinamva pambuyo pake kuti kanemayo amaonetsa madalaivala atsopano pa tsiku lawo loyamba, pamutu wa kutopa ndi chizolowezi, ndipo amati nkhope anaibisa. Nkhope anaibisadi, koma nyimbo anaisiya.

Manijala anaimba foni, ndinapotoza kiyi, injini inalira mofatsa ngati sinachite kanthu. Ndinaganiza kuti ulemu umene watsala ndiutenge potuluka. Ndinakhala mowongoka, ndinavala chipewa bwino, ndinanyamuka pang'onopang'ono pakati pa mizere iwiri ya anthu oseka. Ndikuyandikira geti, injini inakweza mawu pang'ono. Khutu linamva. Mwendo uja ndinaiwala kuubisa pansi pa mpando.

Thiraki inaima nji, chipewa chinauluka, mpando unandiponya m'mwamba n'kundilandira pamaso pa yadi yonse.

Agogo aja anayandikira pawindo, anatola mpweya, n'kufunsa motsitsa mawu ngati tikupangana za chinsinsi: "Usiku uno ndikhome geti, kapena ndikudikireni?"