Mpira wa kicker: musaukhudzitse burashi musanaone chidindo

Makolo anzanga muli kuno ku America, makamaka inu amene ana anu awakokera ku timu ya mpira wa kuno (American football) poona kuti ali ndi mwendo wa mpira wakwathu: mukagula mpira woti mwana azimenya, musauthire madzi kapena kuukwecha musanaone chidindo cha NFHS, bungwe loona masewero a m'masekondale, ndi mizere yoyera kufupi ndi nsonga zake. Ineyo ndalama zanga zapita pa nkhani imeneyi.

Mnyamata wanga ndi kicker pasekondale, amene ntchito yake mu timu ndi kumenya mpira ndi mwendo. Mpira watsopano saufuna n'komwe, chifukwa umakhala wouma gwa, woterera ndi phula la kufakitale, ndipo supita patali. Aphunzitsi anati akhoza kubwera ndi wake, bola oyimbira akauvomere masewero asanayambe. Kushopu ndinafotokoza momveka bwino kuti ndi wa masewero a sekondale, a Lachisanu usiku aja. Wogulitsa anatsitsa wa NFL weniweni, wa ligi ya akatswiri akuluakulu, uja wolembedwa The Duke, umene a Wilson amasoka ku Ada, Ohio. Akuti palibe woposa umenewu. Madola kupitirira 100 ndinapereka, mtima uli mbee.

Kufewetsako si kovuta koma kumatopetsa mikono. Thaulo mulinyowetse pang'ono chabe, mupukute mpaka utoto wofiira usiye kutuluka, mpira uume wokha, kenako burashi. Muzikwecha mbali iliyonse mwamphamvu, makamaka m'misoko, mpaka chikopa chide. Nsonga muzizikanikiza pansi kuti zifewe. Mpweya ukhale pakati pa 12.5 ndi 13.5 psi pa geji yoyezera mpweya. Tinkachita zimenezi madzulo ndikaweruka kuntchito, mwana n'kumakaumenya pabwalo, ndipo unafika poti ukamenyedwa umamveka kuti wapsa.

Lachisanu oyimbira anangoutembenuza kamodzi n'kuubweza. Wa NFL ulibe mizere yoyera, ulibenso chidindo cha bungwe loona masewero a m'masekondale. Bamboyo analankhula mwaulemu, ndilibe naye mlandu. Mwana anamenya mpira wa quarterback, mnzake amene amaponya mpira ndi manja.

Loweruka lake ndi limene likundiwawabe. Ndinalawirira kushopu, risiti ili m'manja. Pamalo obwezera katundu anati mpira wagwira kale ntchito. Ndinati inde wagwira, nanga amene anandiuza kuti ndi wa sekondale si mnzanu ali apoyo? Mnzakeyo ataitanidwa anati sakundikumbuka. Akuti dikirani bwana. Bwana anali atapita kukadya, ndipo atabwera anandipatsa nambala ya foni. Kufoniko ndinamvera nyimbo mpaka khutu kutentha, potsiriza mayi wina n'kundiuza kuti nkhani zotere amamaliza ndi a pashopu pomwepo. Ndili chiimire mushopu momwemo! Ndinatuluka dzuwa litapendeka, shifiti ya Loweruka nditaitaya, mpira uli m'khwapa ngati nkhuku yokanidwa pamsika. Ukanakhala wosakwecha akanaulandira, anatero okha. N'chifukwa chake ndikuti chidindo kaye, burashi pambuyo.

Ndaiwala kunena za makina oumitsira zovala. Makolo ena pabwalo adzakuuzani kuti muuponye mmenemo ufewe msanga. Musatero, chikopa chimauma n'kuyamba kusweka. Nzeru zimenezi n'zimene zinachititsa kuti mu 1999 NFL iyambitse mipira yapadera yolembedwa K, chifukwa omenya ankaiika mu microwave, ena mu sauna. Kuyambira pamenepo mipira yomenya inkachoka kwa Wilson kupita kwa oyimbira ili yomata, n'kutsegulidwa tsiku la masewero lomwelo, anthu a timu n'kupatsidwa mphindi zochepa zoikwecha. Mu Januwale 2007 mpira wotere unapulumuka m'manja mwa Tony Romo wa Dallas akuuimikira kicker ku Seattle, ndipo zitatha izo nthawi yokonzera anaiwonjezera. Mu 2025 anamasula kwambiri: timu iliyonse imalandira mipira ya K 60 nyengo isanayambe, n'kumaikonza mkati mwa sabata. Chaka chomwecho Cam Little wa Jacksonville anagoletsa ndi mwendo kuchokera pa mayadi 68, kuposa 66 a Justin Tucker a mu 2021. Ndiye mwana akamati mpira wofewa umapita patali, sakunama. Kungoti za K n'za akuluakulu amenewo, kusekondale kulibe, ndipo wogulitsa akayamba kukusimbirani za NFL muzingomufunsa kuti chidindo chili pati.

Wachiwiri ndinagula kudzera mwa aphunzitsi, amene anandiuza mtundu umene timu imagwiritsa ntchito. Usanatuluke n'komwe m'pulasitiki ndinawatumizira chithunzi cha chidindo ndi mizere, iwo n'kuti kwechani. Ntchito yonse ija kuyambiranso, mikono yomweyi.

Geji yoyezera mpweya mugule yanuyanu, ya papampu imanama. Ndipo muziyezera panja, pabwalo pomwepo, chifukwa mpira wopopera m'nyumba yofunda ukakumana ndi kuzizira kwa Okutobala mpweya umatsika, oyimbira n'kuupeza wosakwana. Singano muziinyowetsa musanailowetse. The Duke uja tsopano ndi wophunzirira chabe, ndipo amene akuufuna pamtengo wotsika anene, ndi wokwechakwecha kale.